Ndinapita kukafunsa mwala zaka zake

Ndabwerako abale. Ndafika pa Roadport, siteshoni ya mabasi mu Harare, Lachiwiri usiku miyendo itatupa ndi basi, ndipo chifikireni aliyense kuno ku Epworth funso lake ndi limodzi, eti ku Joni unakatani ndi timabotolo ta mchenga tija? Amayi anauza anzawo a ku mvano kuti mwana wapita kukayezetsa miyala, nde nkhani ija poyenda pakamwa ndi pakamwa yafika poti ndatola dayamondi, moti dzulo amalume analawirira mmamawa kudzafunsa ngati ndi zoona. Sindinatole kanthu ayi. Ndinapita ku labu ya pa yunivesite ina kumeneko kukapeza zaka za mwala, inde zaka, kuti mwalawo unaumbika liti. Ndati ndingolemba kamodzi pano mChichewa chathu chomwechi, chifukwa zimene ndaonazo zandikhala pamtima ndipo ndikamazifotokoza mChingerezi cha ku kalasi zimatuluka zouma.

Ndiyambire pa agogo aamuna, bambo awo a amayi. Iwowa anachoka ku Ntcheu ali mnyamata, kudutsa ku Tete mpaka kufika kuno ku Halale mmene ankanenera eni ake, nakalowa ntchito pa mgodi wina wa golide, ndipo kumudzi sanabwererenso, anali mtchona weniweni. Pa chitupa chawo panalembedwa chaka chobadwa komanso 1 January, koma iwo ankatiuza poyera kuti zimenezo anangolemba kalaliki atawayang'ana kumaso ndi msinkhu. Tikawafunsa kuti nanga zoona zake ndi ziti agogo, ankangoti amayi anga amati ndinabadwa chaka cha dzombe, basi. Munthu ameneyu anaswa miyala pansi pa nthaka moyo wake wonse, ankaidziwa ndi maso ndi dzanja, akaugogoda ndi hamala amakuuza kuti uwu ndi wolimba uwu ugwa chokapo. Anamwalira ine ndili fomu 2. Sabata yathayi nditakhala pa mpando mu labu muja, nambala ya zaka za mwala ikutuluka pa kompyuta, amene anandibwerera mmutu ndi iwowo ndi chitupa chawo chija.

Mwala wanga ndi granite, mtundu womwewu wa matanthwe amene tinakulira tikuseweretsa kuno, miyala yosanjikizana ya ku Chiremba ija imene inajambulidwa pa ndalama za dziko lino. Wanga ndinakautenga cha ku Domboshava ndi asupavaiza anga, tinaswa zidutswa zolemera moti kunyamula kwake mpaka pa galimoto kunali kosinthana. Mukauyang'ana granite mumaona toyera, tapinki ndi takuda, koma zimene ife timafuna simungazione ndi maso. Mkatimo muli tinjere ting'onoting'ono totchedwa zircon, kamodzi kutalika kwake ngati mutagundaniza tsitsi liwiri kapena litatu, ndipo mu chimwala chonsecho mukhoza kupezamo tongodzaza pa nsonga ya supuni ya tiyi, mwinanso osafika.

Apa ndi pamene anthu amadabwa, chifukwa akamva za laser, kuwala kwamphamvu kumene timaboolera tinjereti, amaganiza kuti ntchito yonse ndi yodina mabatani utavala gauni yoyera. Ayi ndithu. Miyezi yambiri ndinali wa fumbi ngati wogwira ku chigayo. Choyamba mwala umaphwanyidwa mu makina okhala ndi nsagwada zachitsulo, kenako kupera, kenako kusefa, chimodzimodzi kukonola ndi kusinja chimanga, ndipo ukapera mopyola muyezo waphwanyanso zircon yemweyo amene ukumufuna. Ukatha apo umatsuka ufawo mmadzi mu mbale yotakasuka, kuzunguza pang'onopang'ono kuti zopepuka zizipita ndi madzi zolemera zizitsalira pansi, ntchito imene makorokoza, anthu ofuna golide ndi mbale mmitsinje, a ku Mazowe amaichita tsiku ndi tsiku ndipo kunena zoona amaitha kuposa ife ophunzira. Agogo aakazi nditawaonetsa kavidiyo pa foni anangoti, aa kumeneko ndiye kupeta kumeneko mwanawe, bweretsa lichero ndikuthandize. Ndipo sanalakwe, nzeru yake ndi yomweyo. Kamchenga kakuda kamene kamatsala ndi golide pansi pa mbale, kamene makorokoza amangotaya, nthawi zambiri zircon amakhala momwemo. Kenako timadutsitsa pa maginito kuchotsa zachitsulo, kenako mu madzi ena olemera kwambiri amene mchenga wamba umayandama pamwamba koma zircon amamira, poti iye ndi wolemera kuposa madzi akumwa kanayi ndi theka kupitirirako pang'ono. Madzi amenewo ndi poizoni, umagwira utavala magolovesi pamalo pokoka mpweya.

Ndipo ukhondo wake abale. Musanaike sampulo yanu makina onse mumatsuka ndi burashi ndi mpweya mpaka kutopa, chifukwa kanjere kamodzi kotsalira ka mwala wa munthu wina kakalowa mwanu, mudzalemba mbiri yabodza ya dera lonse osadziwa. Pomaliza mumakhala pa maikulosikopu ndi kasingano kutola kamodzikamodzi, mpweya utaugwira, chifukwa kungopuma mwamphamvu tinjere tonse tauluka. Ine tsiku lina ndinayetsemula, ntchito ya masiku atatu inathera pansi, ndinalira ndithu misozi.

Ku Joni ndinafika nato tinjere timeneti. Kumeneko amatindandalika pa tepi, kuthira guluu wouma gwa ngati galasi, nkutuluka kachinthu kozungulira ngati chitsekerero cha botolo, kenako kupalapala mpaka kanjere kalikonse katadulidwa pakati. Akatero amajambula ndi maikulosikopu ina yamagetsi imene imaonetsa mkati mwa kanjereko, ndipo chithunzi choyamba chitatuluka ndinangoti kakasi. Mkati mwa kanthu kosaoneka ndi maso muli mizere yozungulirazungulira ngati mwadula anyezi, kapena ngati chitsa cha mtengo, kusonyeza mmene kanakulira pang'onopang'ono mwala uli wamadzimadzi wotentha pansi pa dziko. Tina tinali ndi kamtima pakati kooneka mosiyana, kutanthauza kuti kanjere kakale kanagwera mu mwala wosungunukawo, sikanasungunuke, kenako katsopano kanamera mokuta kakale kaja. Nde kanjere kamodzi kamasunga mibadwo iwiri, gogo mkati mdzukulu kunja. Nchifukwa chake laser ili yofunika, imatha kulasa pamtima pokha kapena mmphepete mokha.

Pajatu ndikalemba kuti leza ena muganiza za Leza wa uta wa Leza uja, agogo aakazi anamva choncho poyamba mpaka anagwira pakamwa, ndiye ndizingolemba laser.

Tsono mwala umadziwa bwanji zaka zake? Zircon akamaumbika amalola uranium kulowa mkati mwake, yemwe uja wa ku mgodi wa Kayelekera ku Karonga, koma mtovu amaukana. Choncho tsiku lobadwa kanjereko kamakhala ndi uranium koma mtovu palibe, kapena wochepetsetsa. Uranium sakhazikika, pang'onopang'ono amasanduka mtovu, ndipo liwiro la kusandukako silisintha kaya kutenthe kaya kuzizire kaya mwala ukwiriridwe pansi. Ndinkawafotokozera amalume kuti zili ngati nkhokwe imene munathiramo chimanga chokhachokha nkutseka, anankafumbwe nkumachisandutsa fumbi, mukadzatsegula nkuona kuchuluka kwa fumbi poyerekeza ndi chimanga chotsala mukhoza kudziwa kuti papita nthawi yaitali bwanji. Kusiyana kwake nkwakuti anankafumbwe amaswana ndipo amatengera nyengo, pomwe uranium ali ndi lamulo limodzi losagwedezeka. Mtundu wake wina, uranium 238, theka lake limasanduka mtovu 206 pa zaka 4.47 biliyoni, kenako theka la wotsalayo pa zaka zinanso chimodzimodzi. Mtundu winawo, uranium 235, ndi wachangu, theka limasanduka mtovu 207 pa zaka 704 miliyoni. Mitundu imeneyi ya chinthu chimodzi yosiyana kulemera ndi imene amaitcha ma isotope.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi chakuti mitundu iwiriyi ili ngati mboni ziwiri pa bwalo la mfumu, zimene sizinapangane. Iliyonse imanena zaka zake payokha. Zikagwirizana, mlandu watha. Zikasiyana mumadziwa kuti china chinachitika, kawirikawiri mtovu wina unathawamo, poti uranium yemweyo akamasweka amavulaza kanjereko mkati ndipo pa zaka zambirimbiri kamafooka nkumadontha. Pali graph yokhala ndi mzere wopindika, amaitcha concordia, anaiyambitsa George Wetherill mu 1956, kanjere kamene mboni zake zagwirizana kamagwera pa mzere penipeni, kodontha kamagwera mmunsi. Ndipo ngakhale todonthato sitotayika, tikachuluka timandandalikana pa mzere wowongoka umene ukaulondola umakakumana ndi wopindika uja pa zaka zenizeni. Tsiku limene ndinamvetsa zimenezi mkalasi ndinayenda kuchoka ku Mount Pleasant mpaka mtauni wapansi osakwera kombi, mutu uli mwaa ndi chimwemwe.

Chipinda cha makinawo nchozizira usana ndi usiku, mulibe fumbi, mumangomveka kulira kwa mapampu. Atekinishani ake ndi mayi wina wodekha kwambiri, anandikhazika pambali pawo masiku awiri oyamba osandilola kugwira kanthu, ndipo ndikuwayamika chifukwa makina amenewo akawonongeka anthu a mmayiko angapo amaima pa mzere. Kachitsekerero kaja amakaika mu kabokosi kotsekeka modutsa mpweya wa helium. Pa sikirini umaona kanjere kako katakula ngati njerwa, umasankha polasa, ukadina laser imayamba kugogoda pamalo amodzimodzi kangapo pa sekondi iliyonse, tatatata, kwa theka la mphindi, nkuboola kadzenje kotambalala ma micron 30 okha, kosafika ngakhale pa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Kafumbi kotuluka apo helium amakanyamula kupita nako mu lawi la mpweya wa argon, amati plasma, lotentha kuposa pankhope pa dzuwa, mmenemo chilichonse chimamasuka kukhala ma atomu paokhapaokha, kenako makina ena amawasankhula potengera kulemera nkumawerenga, 206 angati, 207 angati, 238 angati. Mizere imangokwera pa kompyuta iwe ukuona. Mphindi imodzi kanjere kamodzi katha, upite pa kena. Njira yophatikiza laser ndi plasma imeneyi anaiyamba Alan Gray ku England mu 1985, si yakale kwenikweni, amayi anga anali kale pa sukulu.

Koma makina nawo amasokonekera, akatentha amayamba kupendekera mbali imodzi. Nde pakapita tinjere tingapo tako umabwerera kukalasa zircon wodziwika kale zaka zake, monga mmene mayi wochenjera pa Mbare Musika amayesera sikelo ya wogulitsa poikapo paketi ya shuga ya 2 kg. Pali wina amangomutcha 91500 wochokera ku Ontario ku Canada wa zaka 1,065 miliyoni, wina wa ku Plešovice ku Czech Republic wa zaka 337 miliyoni, malabu a dziko lonse amagawana tizidutswa take. Makina akanena zoona pa amenewo ndiye umakhulupirira zimene akunena pa ako. Ndipo sanena kuti ndendende, nambala iliyonse imabwera ndi malire ake a kuphonya, mwa njira ya laser imeneyi kawirikawiri 1 kapena 2 pa 100 alionse. Ine chimenechi ndimachilemekeza kwambiri, kuti munthu unene chimene wapeza komanso unene pamene ungalakwitse.

Tinjere tanga tambiri tinali todontha, sizodabwitsa pa miyala yakale chonchi. Usiku woyamba ndinagona ndi nkhawa kuti ndavutikira chabe. Mmawa mwake mayi aja anandiuza kuti mwanangu usathamangire, lasa mizere yoyera bwino usiye yakudayo, mwadzaza uranium mmenemo. Ndinatero, ndipo cha mma 3 koloko masana zotsatira za tinjere tanga zinayamba kugwera pa mzere wa concordia uja, koyamba, kachiwiri, kachisanu, tonse malo amodzi. Zaka pafupifupi 2.6 biliyoni, zogwirizana ndi zimene ena anapeza kale pa ma granite a dera limenelo, ndipo timitima tina tapakati tinaonetsa zaka zokulirapo. Pa nthawi yonseyo gawo limodzi mwa magawo atatu a uranium 238 wa mu tinjereto linali litasanduka mtovu, pomwe 235 anali atatsala wosakwana gawo limodzi mwa khumi. Ndinatuluka panja kukaimbira amayi, ndinalephera kuyankhula bwino, iwo anayamba kuda nkhawa kuti mwina andibera.

Nambala imeneyi mutu sungaigwire. Nditayesa kuwerengetsera, munthu atati awerenge wani, thu, firii sekondi iliyonse osagona osadya, kuti afike 2.6 biliyoni zingamutengere zaka zoposa 80. Ndipo thanthwe limenelo timayanikapo ufa.

Dziko lino la Zimbabwe pa nkhani ya miyala ndi nkhalamba yeniyeni. Cha kummwera, mbali za Masvingo ndi Zvishavane, kuli miyala ya zaka 3.5 biliyoni. Great Dyke, mzere wa mapiri uja mumaudutsa pa Selous popita ku Bulawayo kapena pa Mapinga popita ku Chinhoyi, wotalika makilomita pafupifupi 550, kumene kukuchokera platinum wa ku Ngezi, Mimosa ndi Unki ndi chrome yense uja, uli ndi zaka 2,575 miliyoni. Kale mabuku ankaupatsa zaka zochepera ndi 100 miliyoni kupitirira apo potengera njira ina, mpaka anthu atayeza uranium ndi mtovu nkukonza. Kumudzi kwathu ku Malawi phiri la Mulanje, limene timaliona ngati chiyambi cha dziko, mwala wake uli ndi zaka pafupifupi 130 miliyoni zokha, pamaso pa thanthwe la ku Domboshava ndi khanda la dzulo. Zircon wamkulu kuposa onse amene anapezekapo ndi wa ku Jack Hills ku Australia, zaka 4.4 biliyoni, pomwe dziko lenilenilo lili ndi 4.5 biliyoni ndi pang'ono, nambala imene Clair Patterson anaipeza mma 1950 poyeza mtovu womwewu. Ndipo Arthur Holmes, mmodzi mwa oyambitsa ntchito yonseyi, mu 1911 ali mnyamata anadzagwira ntchito yofufuza miyala ku Mozambique konkuno, malungo anatsala pang'ono kumupha. Ndikamawerenga zimenezo ndimaona kuti nkhaniyi siili kutali nafe mmene timaganizira.

Amalume funso lawo linali lakuti, chabwino wadziwa zaka, nde tidya zimenezo? Funso labwino ndipo sindinawaseke. Golide, lithium, platinum sizimangopezeka paliponse, zinabwera pa nyengo zake ndi miyala yake. Lithium wa ku Bikita ndi wa ku Arcadia kufupi ndi Goromonzi ali mu misempha ya miyala yobadwa nyengo imodzi ndi ma granite a zaka 2.6 biliyoni amenewa. Ukadziwa kuti granite uyu ndi wa mbadwo uti umadziwa kuti pafupi naye ufufuze chiyani ndipo usataye ndalama kuboola pati. Mchenga wa mu mtsinje ukauyeza tinjere take 100 umakuuza mapiri amene unachokera, ngakhale ena anaphwasuka kalekale. Ku Malawi nako nkhani ya migodi yatentha, Kangankunde ku Balaka, Songwe ku Phalombe, Kasiya ku Lilongwe, Kanyika ku Mzimba, ndipo mu mchenga wa ku Makanjira ku Mangochi zircon yemweyu alimo. Amene amadziwa kuwerenga miyala imeneyi ndi amene amadziwa mtengo wake weniweni pokambirana. Chimene chimandiwawa ine ndi chakuti agogo athu ndi amene anatsika mmigodi ya kuno, a ku Nyasalande ndi a ku Mozambique, makomboni a mmigodi mpaka lero gule wamkulu amavinidwa ndipo Chichewa chimayankhulidwa, malamulo a dziko a 2013 anachiika pa zilankhulo 16 zovomerezeka, koma mkalasi mwathu oyankhula Chichewa tilimo awiri okha. Ana a mmakomboni ambiri amathera pa kukorokoza ndi mbale mmanja, osadziwa kuti luso lomwelo kungowonjezera masamu ndi kemisitiri ndi digiri. Ndikulakalaka tsiku lina mwana wa ku Epworth kapena wa ku Zomba asadzakwerenso basi ya maola ambirimbiri kudutsa pa Beitbridge ndi timabotolo mchikwama, adzangolowa pa khomo la pafupi. Ndikudziwa si zophweka, makina amenewa amafuna magetsi osathimathima, argon wosatha ndi anthu odziwa kukonza, koma zinthu zimayamba ndi anthu oti akuzifuna.

Lamulungu titatuluka mu tchalitchi abambo ena achikulire, mkulu wa mpingo amene anandiphunzitsa kalasi, anandikokera pambali nkundifunsa mwaulemu kuti mwanawe, mabiliyoni akowa ndi Genesis zikukhalirana bwanji? Ndinawayankha kuti bambo ine ndakauza anthu zimene ndinayeza ndipo sindingasinthe nambala, komanso pamene ndinaona mizere ija mkati mwa kanjere kosaoneka ndi maso mtima wanga sunatalikire Mulungu, unachita mantha aulemu. Anagwedeza mutu, anati tidzachezenso bwino. Ndipitako Loweruka ndi zithunzi.

Kachitsekerero kaja ndabwera nako. Dzulo madzulo ndinawapatsa agogo aakazi kuti agwire, anakatembenuzatembenuza pa kuwala kwa pakhomo, anati sindikuonapo kanthu ine, ndinawaonetsa pa foni timabowo ta laser tili ndandanda pa kanjere kalikonse. Anakhala chete nthawi yaitali. Kenako analowa kuchipinda nkutuluka ndi kamwala kawo kokhulira kumapazi, kosalala mbali imodzi, kamene anatola mu mtsinje kwawo ku Ntcheu pamene ankabwera kudzalondola agogo aamuna, ndipo chibwerereni sanakasiyepo.

"Nanga aka kali ndi zaka zingati? Ukandifunsire."

Ndinawauza kuti zitheka agogo, koma kuti tifike pa tinjere take mpaka tikaphwanye, tikapere kakhale ufa.

Anandilanda mmanja msangamsanga, anakapukuta ndi chitenje, nkubwerera nako kuchipinda.